Mutu 9: Katswiri Akakula, Timu Imugulitse Kapena Imusunge?

Lamulungu dzuwa likapendeka, mabwalo a mpira m'boma la Mecanhelas amadzaza. Ku Insaca, ku Entre Lagos kufupi ndi malire a Malawi, mpaka m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, anthu amatsamiritsa njinga pamitengo ya mango n'kuzungulira bwalo, amayi atayala mandasi ndi nzimbe kuseri kwa golo. Pafupifupi timu iliyonse ili ndi munthu mmodzi amene anzake amangomuitana kuti mdala. Savuta kumuzindikira. Bondo wamanga bandeji, imvi zayamba kuwaza cha m'mbali, ndipo sathamangira mpira uliwonse monga amachitira anyamata. Amaima pakati, kuulandira, kukweza maso kamodzi, n'kuuponya pamalo pamene mnzake asanafike koma akubwera. Komano mnyamata wa miyendo yopepuka akamudutsa, mdala amangomuperekeza ndi maso.

Phokoso limayambira pomwepo. Wina kunja kwa bwalo amakuwa kuti, "Achoke mdalayo, tsabola wakale sawawa!" Mnzake pambali amamuyankha kuti, "Musiyeni, galu wamkota sakandira pachabe!" Onse awiri akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake mkanganowu sutha. Kuno umathera pa mawu, mwina ndi mbuzi ya pampikisano imene yapita kwa ena. Kumatimu akuluakulu a dziko lapansi, funso lomweli limagwedeza ndalama zankhaninkhani, limachotsetsa ntchito aphunzitsi, ndipo limagawanitsa anthu a mumzinda umodzi.

Kumene funsoli limaluma kwambiri

Pali masewero ena amene ambiri kuno sitinawaonepo ndi maso, otchedwa hockey. Osewera amagwira ndodo yopindika kumapeto n'kumakankha nayo kampira kuti kalowe m'golo. Dziko la Mozambique si mlendo pamasewerowa. Mtundu wake woseweredwa atavala nsapato za timatayala unazika mizu mumzinda wa Maputo kuyambira nthawi ya atsamunda, pamene mzindawu unkatchedwa Lourenço Marques. Akatswiri ochokera kumeneko monga Fernando Adrião, Francisco Velasco ndi Amadeu Bouçós ndiwo anapambanitsa Portugal pampikisano wa ku Montreux mu 1958. Mu 2011, pampikisano wa dziko lonse ku San Juan m'dziko la Argentina, timu ya Mozambique inathera pa nambala 4.

Koma kumene hockey ili ndi chuma chochuluka ndi ku Canada ndi ku America, komwe amaisewera pamadzi oundana. Ligi yawo yaikulu, NHL, ili ndi matimu 32, ndipo chikho chimene onse amachilakalaka ndi Stanley Cup. Malamulo awiri a ligiyi ndiwo amachititsa kuti nkhani ya osewera okalamba ikhale yowawa. Loyamba, kuyambira 2005 pali malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi. Katswiri mmodzi akatenga gawo lalikulu, otsalawo amagawana nyenyeswa. Lachiwiri, chaka chilichonse matimu amasankha anyamata atsopano mosinthana, ndipo amene athera kumunsi kwa ligi ndiwo amakhala ndi mwayi waukulu wosankha koyamba. Kumenekonso osewera sagulidwa ndi ndalama monga kumpira wamiyendo. Amasinthanitsidwa ndi osewera anzawo, kapena ndi mwayi wodzasankha mnyamata chaka chamawa. Choncho timu ikakhala ndi katswiri wa zaka 35, eni ake amadziwa kuti akamupereka lero alandira anyamata awiri kapena atatu, koma akadikira zaka ziwiri sadzalandira kanthu.

Matimu atatu atipatse phunziro. Pittsburgh Penguins inatenga chikho mu 2009, 2016 ndi 2017 podalira Sidney Crosby, Evgeni Malkin ndi Kris Letang. Atatuwa atapyola zaka 35, timuyi inawasunga onse, ndipo mu 2023, 2024 ndi 2025 inalephera kulowa m'ndime yolimbirana chikho, chikhalirecho inali italowamo zaka 16 zotsatizana. Chicago Blackhawks, imene inapambana mu 2010, 2013 ndi 2015, inatenga njira ina. Mu February 2023 inapereka Patrick Kane, wa zaka 34, ku New York Rangers, ndipo chaka chomwecho inapeza mwayi wosankha koyamba n'kutenga mnyamata Connor Bedard. Komabe zaka ziwiri zotsatira inakhalabe kumunsi kwa ligi. Washington Capitals inasunga Alexander Ovechkin koma n'kumuzunguliza ndi osewera atsopano. Mu April 2025, ali ndi zaka 39, Ovechkin anamwetsa chigoli chake cha 895 n'kuposa mbiri ya zigoli zambiri imene inali ya Wayne Gretzky, ndipo nyengo yomweyo timu yake inathera pamwamba pa matimu onse a chigawo cha kum'mawa. Wosunga analira, wogulitsa analira, wina wosunga anaseka. Zaka za katswiri pazokha sizinagamule mlanduwu.

Zimene zaka zimalanda ndi zimene zimasiya

Thupi lili ndi malamulo ake amene salabadira dzina la munthu. Wosewera akamadutsa zaka 30, choyamba kuchepa ndi liwiro la mwadzidzidzi, lija lothamangira mpira wa mamita khumi. Chachiwiri ndi kuchira. Mnyamata wa zaka 20 akhoza kusewera Loweruka, Lamulungu m'mawa n'kukalima, masana n'kuseweranso. Wa zaka 35 akagundidwa pabondo amatha sabata akutsimphina, ndipo mnofu wa kuseri kwa ntchafu ukakokeka umachedwa kupola. N'chifukwa chake osewera a m'mbali ndi omwetsa zigoli odalira kuthamanga ndiwo amatha msanga.

Zina zaka sizilanda, ndipo zina zimachita kuwonjezera. Diso loona mpata usanatseguke, mtima wosanjenjemera pa penate, nzeru yodziwa nthawi youtenthetsa mpira ndi nthawi youziziritsa, zonsezi zimabwera ndi magemu mazanamazana. Osewera amene ntchito yawo imadalira kwambiri mutu kuposa miyendo amakhalitsa. Goloboyi wa Italy, Dino Zoff, ananyamula chikho cha dziko lonse mu 1982 ali ndi zaka 40. Essam El-Hadary wa ku Egypt anasewera pampikisano womwewo mu 2018 ali ndi zaka 45, ndipo anagwira penate. Roger Milla wa ku Cameroon anamwetsa zigoli zinayi mu 1990 ali ndi zaka 38, koma tikumbukire momwe ankamugwiritsira ntchito. Ankayambira pabenchi, n'kulowa adani atatopa kale. Mphunzitsi wake sanamupemphe mphindi 90 zimene thupi silikanatha kupereka. Anangomupempha zochepa zija zimene iye yekha ankadziwa kuzichita.

Msodzi wa pa Chiuta akhoza kumva bwino mfundoyi. Mnyamata ndiye amapalasa bwato mwamphamvu, koma mkulu ndiye amadziwa pamene pabisala mlamba, ndipo amaona mphepo isanafike. Bwato la anyamata okhaokha limafika msanga pamalo opanda nsomba. La akuluakulu okhaokha limadziwa kopita koma limafika dzuwa litakwera.

Masamu a eni timu

Ochemerera amaona zigoli, koma eni timu amaonanso buku la ndalama. Mtengo wa wosewera pamsika umatsika akamakula, pamene malipiro ake nthawi zambiri amakhala atakwera chifukwa cha zimene anachita kale. Mwanjira ina, timu imalipira lero ntchito ya dzulo. Palinso nkhani ya kontirakiti. Kuyambira 1995, khoti la mayiko a ku Ulaya litagamula mlandu wa wosewera wa ku Belgium, Jean-Marc Bosman, wosewera amene kontirakiti yake yatha amatha kuchoka popanda timu yake yakale kulandira mtengo womugulitsira. Ndiye katswiri akatsala ndi chaka chimodzi, eni timu amakhala ngati mlimi amene ali ndi ng'ombe yokoka ngolo yomwe yayamba kufooka. Akaigulitsa chaka chino apeza yogulira tiana tiwiri. Akaisunga, imuthandizabe kututa, koma chaka chamawa ogula adzaiyang'ana mano n'kupukusa mutu.

Komabe buku la ndalama lili ndi tsamba lina. Katswiri ndiye amakoka anthu kubwera kubwalo, ndiye amene ana amalemba nambala yake kumsana kwa malaya awo, ndipo makampani othandiza timu amafuna nkhope yake. Pamwamba pa izo, osewera otsala amaona momwe mnzawo wachotsedwera. Akaona kuti munthu amene anatumikira zaka khumi wamva za kuchotsedwa kwake pawailesi, aliyense amayamba kusewera akuteteza miyendo yake, maso ali kunja. Kutayika kotere sikulembedwa m'buku, koma kumaoneka pabwalo.

Nkhani ya Dominguez

Kwa ife a ku Mozambique, chitsanzo chabwino ndi Elias Pelembe, amene dziko lonse limamudziwa kuti Dominguez. Anabadwira ku Maputo mu November 1983 ndipo anatchukira ku Desportivo de Maputo. Mu 2007 anapita ku South Africa, ku SuperSport United, komwe anatenga ligi kawiri motsatizana pansi pa mphunzitsi Gavin Hunt. Mu 2009 anasamukira ku Mamelodi Sundowns, timu yolemera ya ku Pretoria, ndipo anatenganso ligi mu 2014. Pofika 2015, ali ndi zaka 31, Sundowns inamulola kuchoka.

Kodi Sundowns inalakwitsa? Chaka chotsatira, mu 2016, timuyi motsogozedwa ndi Pitso Mosimane inagonjetsa Zamalek ya ku Egypt n'kutenga chikho cha matimu akatswiri a mu Africa. Malo a kutsogolo anali atadzazidwa kale ndi achinyamata monga Khama Billiat, Keagan Dolly ndi Percy Tau. Nanga Dominguez anali atatha? Gavin Hunt, amene ankamudziwa bwino, anamutengera ku Bidvest Wits, ndipo mu 2017 Wits inatenga ligi koyamba chiyambire pamene inakhazikitsidwa mu 1921. Womulola kupita anapindula, womutenga anapindula, mwini wake anapindulanso. Zinatheka chifukwa Sundowns inamulola kupita ili kale ndi omulowa m'malo, ndipo Wits inamutenga ikudziwa ntchito yeniyeni imene ikumufunira.

Nkhani yake sinathere pomwepo. Atabwerera kwawo anakasewera ku UD Songo ya m'chigawo cha Tete, ndipo timu ya dziko, Mambas, inapitiriza kumuitana. Chaka chilichonse panali ena ofunsa kuti mdalayu apuma liti. Mambas inali itapita kumpikisano wa mayiko a mu Africa mu 1986, 1996, 1998, 2010 ndiponso kumayambiriro kwa 2024 ku Côte d'Ivoire, osapambanako gemu ndi imodzi yomwe. Kenaka mu December 2025 ku Morocco, inagonjetsa Gabon 3-2 n'kulowa m'ndime ya matimu 16 koyamba m'mbiri yake. Kapiteni anali Dominguez, wa zaka 42. Pambali pake panali Geny Catamo wa ku Sporting ya ku Portugal, wobadwa mu 2001, amene anali mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi pamene Dominguez ankanyamuka ulendo wa ku South Africa. Mphunzitsi Chiquinho Conde sanasankhe pakati pa mdala ndi mnyamata. Anawamanga m'goli limodzi. Pambuyo pake Nigeria inawachinya 4-0, ndipo izi zinatikumbutsa kuti nzeru za akulu zili ndi polekezera pamene mdani ali ndi nzeru ndi liwiro lomwe.

Phunziro la m'munda wa nthochi

Yankho la funso lathu liliko kuseri kwa nyumba zambiri za ku Mecanhelas. Thunthu la nthochi limabereka mkoko kamodzi, kenaka limadulidwa. Palibe mlimi amene amalira podula, chifukwa pambali pake pamakhala pataima kale mwana wofika m'chiuno, ndi kamphukira kena kakusuzumira pansi. Alangizi a zaulimi amalimbikitsa kusiya zitatu paphando limodzi: mayi, mwana ndi mdzukulu. Mukasiya mayi yekha n'kuzula ana onse, chaka chamawa mudzagula nthochi kumsika. Mukadula mayi mkoko usanakhwime pofuna kupatsa ana malo, mwataya chakudya cha chaka chino popanda chifukwa.

Timu imene ikufunsa lero kuti igulitse katswiri wake kapena ayi, nthawi zambiri inalakwitsa kale zaka zitatu zapitazo, pamene inalephera kulera womulowa m'malo. Ikamugulitsa imatsala ndi dzenje, ikamusunga imamukamula mpaka bondo litatheratu. Matimu amene amadutsa bwino pa nyengo yotere ndi amene ali ndi nazale. Kutsidya kwa malire, Nyasa Big Bullets ya ku Blantyre inatenga ligi ya Malawi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, mayina a osewera akusinthasintha. Mphunzitsi Kalisto Pasuwa anakweza anyamata monga Chimwemwe Idana ndi Hassan Kajoke kuchokera ku timu yaing'ono ya Bullets, ndipo analowa pakati pa akuluakulu amene anawapeza. Ku Mozambique, Black Bulls inayamba ndi kulera ana, ndipo itangolowa mu Moçambola, ligi yaikulu ya dziko lino, inaitenga mu 2021, n'kubwerezanso mu 2024.

Choncho eni timu, asanayang'ane chaka chobadwa cha wosewera, adzifunse mafunso atatu. Kodi pali chimene munthuyu akuchitabe pabwalo chimene wina aliyense m'timumu sangachite? Kodi akuvomera kuti mphindi zake, ngakhale malipiro ake, zitsike mogwirizana ndi mphamvu zake? Kodi amene adzalowe m'malo mwake alipo kale, ndipo akuphunzira kwa iye? Ngati mayankho awiri oyamba ali inde, msungeni, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ngati ali ayi koma wolowa m'malo alipo, mloleni apite akadali ndi mtengo, akakhale mfumu kwina monga anachitira Dominguez ku Wits. Ngati onse atatu ali ayi, vuto si mdalayo. Vuto lili kwa atsogoleri a timu.

Kutsanzikana kwa ulemu

Nthawi yosiyana ikakwana, kachitidwe kake n'kofunika ngati chigamulo chenichenicho. Ray Bourque anasewera hockey ku Boston Bruins kuyambira 1979, zaka zoposa 20, osalawa Stanley Cup. Mu March 2000, ali ndi zaka 39, timu yake ili pansi, anagwirizana ndi eni ake kuti amupereke ku timu imene inali ndi mwayi wopambana. Anapita ku Colorado Avalanche, ndipo mu June 2001 anatenga chikhocho. Mwambo wake ndi wakuti kapiteni ndiye amayamba kuchinyamula m'mwamba, koma kapiteni Joe Sakic atangochilandira anachipereka kwa Bourque. Patapita masiku ochepa Bourque anachitengera ku Boston, ndipo khamu la anthu a mumzindawo linasonkhana kudzasangalala naye, ngakhale kuti anachipata atavala malaya a timu ina. Sanamuone ngati wothawa, ndipo iye sanadzione ngati wotayidwa, chifukwa nkhani yonse inakambidwa poyera ndiponso mwaulemu.

Tibwererenso ku nthochi. Thunthu lodulidwa silitayidwa kudzala. Limaduladulidwa n'kuyalidwa pomwepo kuti lisunge chinyezi ndi kusanduka manyowa a ana ake. Chiquinho Conde yemweyo anali womwetsa zigoli wa Mambas kalekale. Atasiya kusewera anaphunzira uphunzitsi, anatenga ligi ndi UD Songo mu 2017, ndipo ndiye anadzatsogolera timu ya dziko kukapeza chipambano chimene iye sanachilawe ali wosewera. Timu yanzeru imakonzera katswiri wake mpando wina asanavule nsapato.

Kwathu kuno

Ku Mecanhelas palibe amene angabwere ndi thumba la ndalama kudzagula mdala wa timu ya m'mudzi. Amene amachoka kuno ndi anyamata. Wina amakwera sitima ya ku Cuamba n'kupitirira mpaka ku Nampula, wina amalowera ku Lichinga kwawo kwa Ferroviário de Lichinga, imene inayamba kusewera mu Moçambola mu 2021, wina amaoloka pa Nayuchi kukayesa mwayi ku Malawi. Kawirikawiri timu imene inamulera imangotsala ndi chikumbutso. Chonsecho malamulo a FIFA amanena kuti wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita dziko lina, 5 peresenti ya mtengo wake igawidwe kwa matimu amene anamuphunzitsa kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 23. Ndalamazi zimatsata zolembedwa. Timu imene sinalembetse kubungwe la mpira, ndipo mwana wake alibe khadi, ilibe poyambira kudandaula. Atsogoleri a matimu athu akadathera nthawi yambiri pa kulembetsa ana kusiyana ndi kukangana za amadala, bwenzi mpira wa m'boma muno uli ndi kena m'thumba.

Ndipo amadalawo ndiwo angathandize kwambiri pa ntchitoyi. Kuno kulibe sukulu za mpira zokhala ndi udzu wothirira ndi madokotala. Sukulu ya mnyamata wa ku Insaca ndi mdala uja wa bandeji pabondo. Iye ndiye amamuuza kuti asamayang'ane mpira wokha, ayambe waona kumene kuli anzake. Iye ndiye amamugwira paphewa akakwiyira woimba wezulo, n'kumubweza asanapatsidwe khadi yofiira. Mukamuthamangitsa lero chifukwa choti wadutsidwa kawiri, mawa anyamata adzathamanga bwalo lonse popanda wowauza kothamangira.

Chofunika n'chakuti mdalayo nayenso adziwe kuwerenga thupi lake. Asewere chigawo choyamba chonse ndi mphindi zingapo za chachiwiri. Miyendo ikayamba kulemera, akweze dzanja yekha asanakuwizidwe, avule lamba wa ukapiteni, n'kuitana mnyamata uja wakhala akumuphunzitsa mkati mwa sabata. Kenaka akaime m'mbali mwa mzere, pafupi pomwe mnyamatayo angamve mawu ake, mpaka wezulo yomaliza italira.